Chitini cha Anamfedwa

Ana anga, Tereza ndi Paulo, sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye musayembekezere zolemba zokongola. Za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa. Pano ndilemba za ntchito imene inakulerani, ndi za chinthu chimodzi chimene ndinachita chaka chimene bambo anu anamwalira. Ena ku Limbe amachikambabe mosiyanasiyana, ndiye ndi bwino muchimve kwa ine.

Limbe, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali ya m'nyumba, kwa banja la amwenye achisilamu amene anali ndi sitolo ya zokometsera zakudya ndi zitsamba zouma pafupi ndi msika wa Limbe. Nyumba inali pamwamba, sitolo pansi. Bambo wa pabanjapo anali atamwalira kale, ndipo amene ankayendetsa zonse anali akazi awo. Tonse tinkawatchula kuti a Bibi. Anabadwira ku Limbe komweko ndipo Chinyanja ankalankhula ngati ife, kupatula akapsa mtima, pamene ankayambira chikwawo n'kumalizira chathu. Ndinachapa ndi kukolopa kwa kanthawi ndithu. Tsiku lina anandipeza ndikusankha mpunga m'lichero. Anaima kumbuyo kwanga akundiyang'ana mpaka msana wanga unayamba kuyabwa.

"Esitere, iwe maso uli nawo," anatero. "Mawa usakwere kuno. Ukakhale kuchipinda chakumbuyo kwa sitolo."

"Ndalakwa chiyani, a Bibi?"

"Ukanalakwa ndikanakutumiza kwanu, osati kumbuyo."

Kuchipinda chakumbuyo kunali matumba mpaka kudenga: tsabola, chikasu, jinja wouma, sinamoni, ndi zina zimene ndinazidziwa ndi mphuno ndisanadziwe mayina ake. Ntchito yanga inali kupeta, kusefa, kuchotsa timiyala ndi tizitsotso, kenako kulongedza m'mapaketi. Masabata oyamba ndinkangoyetsemula. Pakona panali thumba limodzi limene a Bibi sankalola kuti liyandikane ndi tsabola, poti limatenga fungo la chilichonse. Munali timaluwa touma, tachikasu pakati, m'mbali moyera, tofanana ndi maluwa a chisoso koma tonunkhira ngati udzu wouma wosakaniza ndi maapozi. A Bibi ankati babuna. Timaluwati sitinkalimidwa kuno, tinkabwera ndi katundu wina kuchokera kunja.

Anandiphunzitsa okha, chifukwa ankati wogulitsa chinthu osadziwa ntchito yake akungosuntha matumba. Supuni imodzi m'kapu, madzi otentha pamwamba, kenako kuvundikira ndi kambale. Osawiritsa pamoto ngati tiyi wamasamba, ndipo osasiya kapu pululu, poti mphamvu yake imachoka ndi nthunzi. Anthu ankagula kuti azigona tulo, kapena mimba ikadzimbidwa. Atsikana ankagula za masiku awo a pamwezi. Madzi ake akazizira, ena ankachukucha m'kamwa nkhama zikatupa, ena ankanyika kansalu n'kuika pazikope zolemera, ena ankathira m'madzi osamba khungu likamayabwa. Azimayi ena achimwenye ankatsukira tsitsi. Koma a Bibi anali ndi malire. Mayi akabwera ndi mwana wotentha thupi kumbuyo, sankamugulitsa.

"Uyu si wa maluwa, uyu ndi wa kuchipatala. Nyamuka, minibasi ili apo. Babuna sachiza munthu, amangomukhazika pansi mtima ndi mimba."

Pakhonde pa sitoloyo pankakhala telala ndi makina ake opalasa ndi phazi. Amenewo ndiwo bambo anu, a Zuze. Makolo awo anachokera ku Mozambiki iwo asanabadwe. Tsiku lina ndinatulutsa lichero la timaluwa kuti tione dzuwa, iwo anaimitsa makina n'kununkhiza m'mwamba.

"Achemwali, kameneko si kamomila?"

"Ndi babuna."

"Kwa abwana anu ndi babuna. Kwa mayi anga ndi kamomila. Ankandimwetsa ndikadya mango osapsa. Tandipatsaniko kamodzi ndikumbuke amayi."

"Kagulani pakauntala, mukawakumbukire kumeneko."

Anakaguladi, ndipo anapitiriza kugula sabata iliyonse ngakhale mimba yawo inali bwinobwino. Tinamanga ukwati kutchalitchi kwawo, tinachita lendi ku Chinyonga, kenako tinapeza kamalo ku Chirimba kumene inu munakulira. Kunyumba kwathu dzina linakhala la iwo, kamomila, ndipo ndi limene ndilembe kuyambira pano.

Limbe, zaka za m'ma 1990

Pashelefu yapamwamba m'chipinda chakumbuyo panali chitini chakale cha mabisiketi, chimene utoto wake unali utafufutika. Thumba latsopano la kamomila likafika, tisanagulitse ngakhale supuni imodzi, tinkayamba tadzaza chitinicho. Ndinachita zimenezi kangapo osafunsa. Ndili ndi pakati pa Tereza, a Bibi anandiuza okha. Anati amuna awo atamwalira anakhala masabata osaona tulo, anthu akubwera ndi mapemphero ndi malangizo, mpaka mayi wina woyandikana nawo anangolowa kukhitchini, anapanga kapu imodzi n'kukhala nawo pansi osanena kanthu. Kuyambira pamenepo anaika lamulo. Za m'chitinicho sizigulitsidwa, sizikwera kunyumba yapamwamba, sizipatsidwa wodwala. Ndi za anamfedwa basi, kaya Msilamu kaya Mkhristu, bola akhale wa m'banja limene limagula kwa ife.

Poyamba ankapita okha. Mawondo atayamba kuwavuta, anapatsa ine ntchitoyo. A Zuze anasoka kathumba kansalu yobiriwira konyamuliramo chitinicho, ndipo anthu a ku Limbe anayamba kukadziwa. Ndikamadutsa nako pamsika, amayi ogulitsa tomato ankatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Kwagwa zovuta kwa ndani?" Kapitidwe kake kanalinso ndi dongosolo. Sunkapita tsiku loika maliro, poti pamenepo namfedwa ali m'manja mwa anthu. Unkadikira khamu lichepe, abale akutali akwere mabasi, mipando yobwereka ibwezedwe. Unkapita masana, kupempha madzi otentha, kupanga kapu imodzi, kuvundikira, n'kukhala pamphasa mpaka munthuyo amwe. Osalalikira, osafunsa za matenda. Pochoka unkasiya zokwanira masiku angapo m'kapepala, chitini n'kubwerera nacho kusitolo. Ndinalowa m'nyumba zamipanda ya njerwa ndi agalu, ndinalowanso m'zipinda za lendi zimene unkachita kuwerama pakhomo. Ena ankalira kapu ili m'manja. Ena ankandiuza za ngongole za malemu, kapena za akazi ena amene anatulukira pamaliro. Ambiri ankangomwa.

M'tauni, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990

A Yusufu, mwana wamkulu wa a Bibi, atatsegula sitolo ina pakati pa tauni ya Blantyre, ananditenga kuti ndikaime pakauntala. Kumeneko kunali kwina. Ogula anali a m'maofesi, othamangira nthawi, ndipo ambiri ankafuna kamomila wa m'timatumba tonyika m'kapu, wokhala m'bokosi lolembedwa Chingerezi. A Yusufu sanali munthu woipa, koma sankakonda kuti ndizicheza ndi wogula. "Mayi Esitere, muwapatse katundu, sukulu akaphunzire kwawo," ankatero akuloza mzere. Ndinazolowera kunena mawu ochepa okha, akuti muvundikire kapu, wogula akutembenuka kale. Malipiro anali abwinoko kusiyana ndi ku Limbe, ndipo denga la malata la nyumba ya ku Chirimba linachokera m'zaka zimenezo.

Koma foni ikalira kuchokera ku Limbe kuti kwagwa maliro, a Yusufu ankangopukusa mutu n'kundimasula. Ndinkakwera minibasi kukatenga chitini. Zaka zimenezo maliro anachuluka kwambiri, chifukwa chake mukuchidziwa. Panali mabanja amene ndinapitako koyamba chifukwa cha mwamuna, kachiwiri chifukwa cha mkazi, ndipo wolandira kapu anali agogo otsala ndi ana. Kathumba kobiriwira kanang'ambika m'makona, a Zuze anasoka kena ndi nsalu ya mtundu womwewo. Anati kusintha mtundu kungasokoneze amayi a tomato.

Limbe ndi Chirimba, chaka chimene mafuta anasowa

A Bibi atakalamba kwambiri anapempha kuti ndibwerere ku Limbe, poti atsikana atsopano ankaika tsabola paliponse. Ankakhala pampando pafupi ndi chitseko cha chipinda chakumbuyo, maso atachita chimbuuzi koma mphuno ikugwira ntchito. Kenako panafika nyengo ija imene ndalama zakunja zinasowa m'mabanki, magalimoto n'kumagona pamizere ya mafuta. Katundu anasiya kubwera. Tinayamba ndi kusowa sinamoni, kenako zina zinatsatira, mashelefu n'kuyamba kuoneka matabwa. Kamomila wogulitsa anatha. Bambo wina anabwera ndi thumba la maluwa ouma a chisoso, akuti tisakanize palibe angadziwe. A Bibi ananunkhiza ali chikhalire n'kumuuza kuti akaphike ndiwo. Chitini cha anamfedwa chinkatsika ndi maliro aliwonse popanda chodzaziramo, mpaka munatsala pansi penipeni, zokwanira nyumba imodzi.

M'nyengo yomweyo bambo anu anadwala. Zinayamba ngati kudzimbidwa, kenako anaonda, makina anawasiya. Kuchipatala anawayeza, anawagoneka, pomaliza anatiuza moona kuti chotupa cham'mimba chafika poti sangachichotse. Anatipatsa mankhwala oletsa ululu n'kutibweza kunyumba. Ululu unkachepa, koma tulo sankatiwona. M'mawa ndinkawapeza ali chikhalire, atatsamira khoma, maso ofiira. Chimene chinkawathandiza chinali kapu ya kamomila madzulo. Ndinafunsa anamwino ngati sizilimbana ndi mankhwala, iwo anati pamene afikapa apatseni chimene mtima wawo ukufuna. Kaya ndi maluwawo ankawagonetsa, kaya ndi fungo la mayi awo, ine sindidziwa. Ndikudziwa kuti akamwa ankagona. Paketi yathu itatha ndinayenda m'masitolo a mankhwala ndi m'masitolo akuluakulu, ku Limbe ndi m'tauni. Kunalibe. Ndinapempha madalaivala opita ku Mozambiki ndi ku Joni, koma magalimoto awo anali pamzere wa mafuta ngati ena onse. Ndinayesa udzu wa mandimu uja umamera kuseri kwa bafa. Anamwa kuti andisangalatse, m'mawa ndinawapeza atatsamira khoma.

Ndiye kunagwa maliro a a Saidi, dalaivala wa thiraki amene banja lake linkagula kwa ife kuyambira kale. Anafera pangozi ya pamsewu. Anasiya mkazi wachitsikana, a Mariamu, ku Chinyonga, ndi ana aang'ono. Khamu litachepa, a Bibi anandiitana m'mawa.

"Tsitsa chitini. Mariamu walowa eda." Eda ndi miyezi ija imene mkazi wachisilamu amakhala m'nyumba mwamuna wake akamwalira.

Ndinatsitsa, ndinatsegula, ndinayang'ana pansi pake. Kenako ndinanena zimene zinali kukhosi.

"A Bibi, bambo a Tereza sakugona."

"Ndikudziwa."

"Ndikupempha izi."

Anasisita bondo. "Zuze wasokera ana anga onse mayunifolomu. Koma lamulo ndinaika ndine, ndipo sindilichotsa ndi pakamwa panga. Ndikachotsa lero, mawa aliyense ali ndi wodwala wake."

"Ndiye ndipite ku Chinyonga?"

"Chitini chili m'manja mwako, miyendo ndi yako. Ine sindiona kutali masiku ano. Ukabwera udzandiuze kumene unapita, osandinamiza."

Ndinafika padepoti ya Limbe kathumba kobiriwira kali m'khwapa. Minibasi zinali zochepa, anthu akukankhana. Chinyonga ndi pafupi, ndikanatha kuyenda pansi. Ndinaganiza za a Mariamu, amene ndinawadziwa ali mkwatibwi, ndipo ndinadziwa kuti achibale awo akuyembekezera, poti ku Limbe aliyense ankadziwa kuti pakatha masiku angapo chitini chimafika. Kugawa pakati kunali kosatheka, zikanakhala zosakwanira uku ndi uku. Ndinaganizanso kuti a Mariamu ali ndi zaka zambiri zoti adzagone, pamene a Zuze atsala ndi masabata. Sindikunena kuti maganizo amenewo anali olondola kwa aliyense. Ndikunena kuti ndi amene ndinali nawo. Woitanira wina anandikoka mkono akukuwa kuti, "Tauni, tauni, masteni, malo amodzi!" Ndinakwera. M'tauni ndinasintha ya ku Chirimba.

Bambo anu anali pampando pakhonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Anaona kathumbako ndisanatseke geti. Anakasoka okha, sakanakaiwala.

"Amake Tereza, mwafulumiratu. Ine ndikadalipo."

"Musayambe zanuzo."

"Amayi a tomato akuonani? Mawa abwera ndi nkhuni kudzakhala pasiwa, ine n'kuwalandira ndekha pakhomo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa kuti chinali chopita kwa ndani, ndinawauza. Anangoyang'ana kathumbako n'kunena kuti msoko wa pakona wayamba kumasuka. Madzulo ake anamwa, ndipo m'mawa ndinawapeza atagona chammbali, pakamwa pali yasa, ngati mwana.

Tsiku lomwelo ndinapita ku Chinyonga ndi mtolo wa udzu wa mandimu. Apongozi a a Mariamu anandilandira pakhomo, maso awo ali m'manja mwanga.

"Kathumba kaja kali kuti?"

"Kali kwathu, mayi. Amuna anga akudwala mwakayakaya, sakugona. Zinatsala zochepa, ndawapatsa iwo."

"Ndiye ife maliro athu ndi ochepa? Kapena chifukwa ndife osauka?"

Anandilola kulowa. A Mariamu anali pamphasa kuchipinda, atafunda mpango mpaka pamphumi. Anali atamva zonse. Ndinapanga kapu ya udzu uja, ndinavundikira, ndinaika pafupi nawo.

"Amuna anuwo agona?" anafunsa.

"Agona."

"Chabwino."

Anatembenukira kukhoma. Ndinakhala mpaka kapu inazizira, iwo osaikhudza. Nditabwerera kusitolo ndinauza a Bibi zonse monga zinachitikira. Anangoti, "Chikatha udzabweze chitini." Banja la a Saidi silinagulenso kwa ife, ndipo pamsika ena anasiya kundipatsa moni kwa kanthawi.

Masiku otsatira ndinkafika kunyumba mochedwa, chifukwa nthawi zambiri minibasi za ku Chirimba kunalibe ndipo ndinkayenda pansi kuchokera m'tauni. Amene ankapangira bambo kapu yamadzulo unali iwe Tereza. Ndinakuonetsa muyezo wa supuni ndi kavundikiridwe. Bambo ankagona, ngakhale masiku ena ankadzuka kusanache. Tsiku lina unandionetsa chitini chili mbee, ndinachitsuka n'kuchibweza pashelefu yake. Patangopita masiku ochepa bambo anu anatisiya, masana, ine ndili pambali pawo. Tinawaika kumanda a mpingo. Za mwambo wa maliro munaona nokha, sindilemba.

Abale atabalalika, mipando ya kutchalitchi itabwezedwa, ndinali nditakhala pamphasa kuchipinda masana ena. Tulo ndinali ndisanatione kuyambira tsiku la malirolo. Sindinkayembekezera aliyense, poti chitini ndinali nditachitsuka ndi manja anga. Ndiye unalowa iwe Tereza, utanyamula kapu yovundikira ndi kambale. Fungo linafika iwe usanagwade.

"Wazitenga kuti?"

"Bambo anati pasupuni iliyonse ndizitapako pang'ono, ndiziika padera. Ndinkawauza kuti zisuluka, sagona bwino. Anati ndisakuuzeni."

"Chifukwa chiyani?"

"Anati chitinicho n'cha anamfedwa. Iwo angobwereka."

Unandionetsa kansanza ka nsalu yobiriwira, kotsala pa zimene anasokera kathumba, komanga ndi ulusi wa makina. Munali zokwanira makapu awiri. Ndinamwa yoyambayo iwe utakhala pambali osalankhula, monga mwa dongosolo lake, ngakhale palibe anakuphunzitsa. Ndinagona mpaka dzuwa la tsiku lotsatira linafika pakhonde.

Zotsalazo sindinamwe. Nditayamba kutuluka panja ndinapita nazo ku Chinyonga, poti eda ya a Mariamu inali isanathe. Apongozi aja anandiona nditavala zakuda, anapatuka pakhomo. Ndinapempha madzi otentha, ndinapanga kapu, ndinavundikira. A Mariamu anayang'ana kapuyo, anayang'ana zovala zanga, kenako anatuma mwana kuti abweretse kapu ina. Anagawa pakati. Tinamwa. Kusitolo sanabwererenso, ndipo ine sindinawafunse.

Chirimba, lero

Katundu anayambanso kubwera patapita miyezi, ndipo thumba loyamba la kamomila litafika ndinadzaza chitini ndisanagulitse supuni imodzi. A Bibi anamwalira chaka chotsatira. Kapu ya a Yusufu ndinapanga ndine, ndipo anamwa yonse osayang'ana wotchi. Ndinagwirabe ntchito zaka zingapo mpaka miyendo inakana. Chitini chidakali pashelefu, akunyamula ndi mayi wina amene ndinamuphunzitsa. Ndinamuuza lamulo lonse monga a Bibi anandiuzira, ndinamuuzanso za tsiku limene ndinakwera minibasi ya m'tauni, kuti adzadziwe kulemera kwake likadzamufikira. Kansanza kobiriwira kali m'kabati ya makina a bambo anu, pamodzi ndi sizasi yawo. Tsiku langa likadzafika, musadzavutike ndi zambiri. Anthu akadzabalalika, mmodzi wa inu adzatenthetse madzi, apangire mnzake kapu, ndipo musadzaiwale kuvundikira.